Bokosi la Makalata pa Geti la a Kachingwe

Fryson Kachingwe ndi mkazi wake Matilda anakhala zaka zisanu ndi zinayi m'mafulati a ku Govanhill mumzinda wa Glasgow, akukwera masitepe makumi anayi ndi thumba la mpunga paphewa, asanapatsidwe nyumba yokhala ndi khomo lakelake ku Maryhill. Inali nyumba yaing'ono, pabalaza ndi khitchini pansi, zipinda ziwiri zogona pamwamba. Kumaso kunali kabwalo ka kapinga, mpanda wamatabwa wolekeza m'chiuno, ndi geti. Kumunsi kwa msewu, ukatsika masitepe angapo, umafika pa ngalande yaikulu ya madzi imene anthu amayendetsa agalu awo m'mbali mwake. Tsiku lolowa, Matilda anavula nsapato n'kuzungulira kabwaloko katatu, ngakhale kunja kunali kozizira.

Vuto analipeza sabata yoyamba yomwe. Chitseko cha kumaso chinali ndi kazenera kolowetsera makalata, ndipo chivindikiro chake chinali chachitsulo, cholimba kwambiri. Wogawa makalata akangoponya envulopu n'kuchotsa dzanja, chivindikirocho chinkatsekeka ndi phokoso ngati munthu wagwetsa poto pa simenti. Chipinda chawo chogona chinali pamwamba penipeni pa chitsekocho.

Matilda anali namwino pa chipatala chachikulu cha kufupi ndi Govan, ndipo masiku anayi pa sabata ankagwira shifiti ya usiku. Ankafika pakhomo cha m'ma naini m'mawa, kusamba, kumwa tiyi, n'kukagona. Ikamakwana leveni koloko chitsulo chija chinkalira, tulo n'kuthera pomwepo. Sankadandaula kwenikweni. Koma Fryson, yemwe ankagwira ntchito masana kunyumba yosamalira okalamba, akaweruka ankamupeza maso ali psuu, akuyasamula atanyamula kale chikwama cha kuntchito.

Fryson anayesa zambiri. Anathira mafuta ophikira m'mahinjesi, osathandiza. Anamata nsalu ndi tepi, nsaluyo inanyowa ndi mvula n'kugwa. Tsiku lina anatsekamo sokosi ziwiri, makalata anakanika kulowa, wogawa uja n'kuyamba kugogoda pachitseko ndi chibakera. Kenako, pa nthawi yopuma kuntchito, anaona pafoni chithunzi cha bokosi la makalata la pulasitiki, loima pa mzati wake m'mbali mwa msewu. Anaganiza kuti likakhala pa geti, palibe amene adzafikenso pachitseko. Anaimbira ku ofesi ya eni nyumba, ndipo mayi amene anayankha anati palibe choletsa, bola likhale mkati mwa mpanda. Tsiku lomwelo analiitanitsa.

Katoni inafika Lachisanu. Loweruka Fryson sankapita kuntchito, ndipo Matilda atangokwera kukagona, iye anayala thaulo pabalaza n'kukhuthulirapo zonse pang'onopang'ono kuti zisasokose. Munali zidutswa ziwiri zazikulu zobiriwira, zopindika ngati denga la basi, kachitseko, thabwa lapansi, mzati wamphako mkati, kambendera kofiira, ndi kajumbo ka mabawuti. Munalinso pepala la zithunzi zokhazokha, lopanda mawu, pamwamba pake atajambulapo kamunthu komwetulira katagwira sipanala. Fryson analiyang'ana kamodzi n'kuliika pansi pa kapu ya tiyi. Munthu amene anakhomako denga la tchalitchi ku Lizulu sakanaphunzitsidwa ntchito ndi kamunthu ka papepala.

Anagwira ntchitoyo maola awiri, atavula nsapato. Pulasitiki ikalowana inkalira kuti phwa, iye n'kuima kaye, khutu lili kudenga, kumvetsera ngati mkazi wake watembenuka pabedi. Pomaliza chinthucho chinaima chokha chitatsamira mpando. Chinkaoneka ngati bokosi ndithu, kungoti kachitseko kankalendewera mopendekeka, ndipo pathaulo panatsala mabawuti atatu.

Matilda anatsika cha m'ma thu koloko atavala juzi ndi chitenje. Anachizungulira chinthucho. Atagwira kachitseko kuti atsegule, kanathothoka n'kutsalira m'manja mwake.

"Bambo a Wezzie, ndi bokosi la makalata limeneli kapena msampha wa mbewa?"

Fryson anayankha kuti ntchito inali isanathe kwenikweni. Atafunsidwa za mabawuti atatu aja, anati amenewo ndi apadera, azungu amaikamo oonjezera. Matilda anasolola pepala lija pansi pa kapu, n'kukhala pansi miyendo atatambasula. Analiwerenga ngati mmene amawerengera tchati cha mankhwala a wodwala, chala chikuyenda mzere ndi mzere. Anawerenga mabawuti a pachithunzi, anakwana khumi ndi anayi. Anawerenga a pabokosi pamodzi ndi otsala aja, anakwana khumi ndi anayi.

"Masulani," anatero.

Anamasula zonse n'kuyambiranso. Matilda ankatchula nambala ya chithunzi ndi kupereka chidutswa, Fryson n'kumamanga. Zinapezeka kuti thabwa lapansi analitembenuza, ndipo kachitseko kanayenera kugwira chakumunsi kuti kazitsekukira pansi. Pa chithunzi chachisanu ndi chimodzi anakangana pang'ono, aliyense akuti mnzake wagwira pepala chadodolido, mpaka onse anaseka. Kambendera kofiira palibe amene anadziwa ntchito yake, koma anakamangirira pambali monga chithunzi chinanenera. Ali mkati momanga, Matilda ananena kuti sakukumbuka tsiku lomaliza limene anakhala pansi awiriwiri dzuwa lili kunja, popeza wina akamalowa m'nyumba mnzake amakhala akutuluka, ndipo mwana wawo Wezzie, amene kale ankawasonkhanitsa patebulo, anali ku yunivesite ku Dundee. Fryson anamanga bawuti yomaliza mosafulumira.

Chotsala chinali kukumba. Fryson anali atabwereka khasu kwa Isaiah, mnzake wa kutchalitchi amene anali ndi kadimba ka ndiwo zamasamba, khasu lenileni la kumudzi lomwe linabwera m'sutikesi. Anasankha malo pafupi ndi geti, pomwe munthu woima mumsewu akanatha kufikira ndi dzanja. Kapinga anachoka bwinobwino, koma pansi pake panali zidutswa za njerwa ndi miyala yokhayokha. Khasu linkangodumpha. Dzenje litafika pa chigongono, mvula yowaza inayamba, ndipo Fryson anati pakwana. Pepala lija linkaonetsa dzenje lakuya ndi thumba la simenti pambali, koma iye anati kwawo mizati ya mpanda imaima zaka ndi zaka ndi miyala ndi dothi basi. Anaimika mzati, kutsira miyala, n'kupondaponda ndi chidendene.

Apa n'kuti mkulu wa nyumba yoyandikana nayo atatuluka kudzataya zinyalala. Anali bambo wachizungu wa zaka za m'ma sevente, wamfupi, wa mapewa otambalala, ndipo ankakhala yekha. Dzina lawo, Eddie, banjali linalidziwira pa phukusi lina lomwe linasocherera kwawo. Miyezi isanu ndi itatu yonseyi Fryson ankawapatsa moni m'mawa uliwonse akamapita kokwera basi, koma mkuluyo ankangopitiriza zimene akuchita, osatembenuka n'komwe. Fryson anali atagamula kale mumtima kuti munthuyu sakuwafuna.

Tsiku limeneli a Eddie anafika pampanda. Anayang'ana mzati, anayang'ana kumwamba, n'kulankhula mawu ambirimbiri mothamanga, m'Chingelezi cha ku Glasgow chija mawu amamezedwa asanatuluke. Fryson anatolapo liwu limodzi lokha, lakuti mawa. Anamwetulira, n'kuyankha kuti inde, inde, zikomo kwambiri. Mkuluyo anamuyang'ana kanthawi, anapukusa mutu, n'kubwerera m'nyumba.

Fryson analowa ali wosangalala, n'kuuza Matilda kuti aneba alankhula lero, ndipo akuoneka kuti aliyamikira bokosilo. Anajambula chithunzi n'kutumizira Wezzie. Mwanayo anayankha m'Chingelezi, ndi tinkhope toseka tambirimbiri, kuti mu Glasgow monse palibe munthu wina ali ndi chinthu chotero.

Lamulungu anapita kutchalitchi ku Govanhill, komwe ankapempherabe ngakhale anasamuka. Ulaliki uli mkati mphepo inayamba, mawindo n'kumanjenjemera mpaka abusa anakweza mawu. Atamwa tiyi ndi anzawo n'kukwera mabasi awiri, anafika mumsewu wawo cha m'ma fili koloko. Migolo ya zinyalala inali gonegone. Pa geti pawo panali dzenje lodzaza madzi, ndi miyala itamwazikana pakapinga. Bokosi panalibe.

Fryson anasuzumira kuseri kwa mpanda. Anagwada ndi suti yake ya kutchalitchi kuyang'ana pansi pa magalimoto, anayenda mpaka kumapeto kwa msewu akusuzumira m'mabwalo a eni ake. Pobwerera anapeza Matilda ataima pa geti, atatseka pakamwa ndi mpango, mapewa akugwedezeka.

"Sekani, mayi a Wezzie, musadzipweteke," anatero.

Matilda anaseka mpaka kugwira mpanda, ndipo Fryson, atayang'ananso dzenje lija, anayamba nayenso.

Akuseka choncho anaona mutu wa munthu ukutulukira pa masitepe ochokera ku ngalande. Anali a Eddie. Dzanja limodzi ananyamula reki, linalo ankakoka bokosi lija ndi mzati wake womwe, ndere zikulendewera pa kambendera. Buluku lawo linali litanyowa mpaka m'mawondo. Atafika pa geti analiimika, kachitseko kanatsekuka, madzi akuda n'kukhuthukira pa nsapato za Fryson.

Matilda kuseka kunathera pomwepo. Anawagwira a Eddie pamkono n'kuwalowetsa m'nyumba osawafunsa, kuwakhazika pafupi ndi hita, kuwapatsa thaulo ndi buluku la Fryson lomwe anachita kulipinda kawiri m'miyendo. Ketulo ikuwira, mkuluyo anafotokoza kuti anali pawindo pamene mphepo inazula bokosilo. Linagubuduka mumsewu, linadumpha masitepe, n'kugwera m'madzi pakati pa abakha. Iwo analitsatira m'mbali mwa ngalande mpaka pomwe pali zitseko zotchingira madzi, n'kulikokera kumtunda ndi reki.

Matilda ankamva Chingelezi cha mtundu umenewu bwino, chifukwa odwala ake ambiri ankalankhula chomwecho. Anaonanso kanthu kena. Iye akamalankhula, mkuluyo ankatembenuzira mutu mbali imodzi, maso ali pamilomo yake. Anasamukira kumanzere kwawo n'kuwafunsa mokweza ngati makutu amawavuta. A Eddie anavomera. Anati khutu lakumanja linafa kalekale, lakumanzere linatsala theka. Anagwira ntchito yowotcherera zitsulo zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu kumalo okonzera sitima zapamadzi ku Govan, m'phokoso la nyundo kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Fryson anakumbukira kuti popita kokwera basi amadutsa kumanja kwa bwalo lawo. Anachita manyazi, ndipo anaulula kuti miyezi yonseyi ankaganiza kuti moni wake akukanidwa dala. A Eddie anati sanamvepo moni ngakhale umodzi. Iwonso ankaganiza kuti banja latsopanoli silifuna zolankhula ndi anthu. Kenako analoza Fryson ndi supuni, n'kulankhula pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana.

"Dzulo ndinakuuzani kuti mawa kubwera chimphepo, chinthu chanucho chiuluka. Inu munati zikomo kwambiri."

Lolemba Fryson ankalowa ntchito thu koloko masana. Eyiti koloko isanakwane anamva wilibala ikulira panja. A Eddie anali atabweretsa chitsulo chachitali chokumbira, paipi yachitsulo, levulo, ndowa, ndi thumba la simenti youma msanga lomwe linatsala pamene ankakonza mpanda wawo. Anagawana ntchito. Mkuluyo ankaswa njerwa ndi chitsulo chija, Fryson n'kumakokera kunja ndi khasu. A Eddie analitenga khasulo, kulitembenuza uku ndi uku, kuyesa kulemera kwake, n'kunena kuti amene analisula ankaidziwa ntchito. Fryson akati pakwana, iwo ankalowetsa mkono m'dzenjemo n'kupukusa mutu. Analeka pamene mkono wonse unalowa mpaka paphewa.

Paipi ija anailowetsa mkati mwa mzati wa pulasitiki kuti ukhale ndi msana. Anathira madzi m'dzenje, kenako simenti, n'kuvundula ndi kamtengo. Zitatero a Eddie anagunditsa levulo pamzati n'kuyamba kulamula. Kumanzere pang'ono. Kwambiri kumeneko, bwezani. Kutsogolo. Fryson ankaona kuti mzatiwo waongoka kale, koma mkuluyo maso anali pa kathovu ka mu levulo, ndipo anati pa sitima zonse zimene anawotcherera palibe inatuluka yopendekeka, ndiye sayambira pa bokosi la makalata. Kathovuko katakhala pakati penipeni, analamula kuti onse awiri agwire, osasuntha, mpaka simenti igwire.

Anaima choncho maso ndi maso, manja anayi pa mzati umodzi. Ndi pamene a Eddie anafunsa chimene chinawavuta kuyambira Loweruka: munthu ali ndi chitseko chabwinobwino chokhala ndi polowetsera makalata, akuvutikiranji ndi bokosi la panja? Fryson anasendera ku khutu lakumanzere n'kufotokoza za shifiti ya usiku, za chitsulo chija, ndi za maso ofiira a mkazi wake.

Mkuluyo anati iwonso anagwirapo usiku zaka zambiri. Akazi awo ankatseka kazenera ka pachitseko ndi thaulo, ndipo ana a mumsewu akayamba mpira pansi pa windo ankawathamangitsa ndi tsache. Anati mayiwo anamwalira zaka ziwiri zapitazo, mwezi wa Febuluwale, ndipo kuyambira pamenepo m'nyumbamo simulowa munthu.

Fryson anafunafuna mawu a Chingelezi oyenera, koma onse amene ankawadziwa anamuonekera opepuka.

"Pepani," anatero m'Chichewa, n'kufotokoza kuti kwawo amatero munthu akakhala pa chisoni, ngakhale wonenayo sanalakwe kanthu.

A Eddie analiyesa liwulo kawiri, n'kugwedeza mutu.

Pofuna kupeputsa nkhani, Fryson anawauza za makalata a kwawo. Anati ali mnyamata mudzi wonse unkalandirira makalata pa keyala ya tchalitchi, ndipo kiyi wa ku positi ofesi ankasunga mkulu wa mpingo wina wokonda nkhani. Matilda ali kusukulu ya unamwino ankamulembera kawiri pa mwezi. Mkulu uja ankadziwa kalembedwe ka aliyense, ndipo ankapereka makalatawo pakhomo la tchalitchi anthu onse akuona, akununkhiza envulopu. Mayi ake a Fryson anamva za chibwenzicho kuchokera kwa amayi a kumvano iye asanawauze. A Eddie anaseka mpaka mzati unagwedezeka, n'kudzikalipira okha, kuyang'ananso kathovu kaja.

Matilda anatuluka ndi thireyi ya tiyi ndi mandasi amene anakazinga m'mawawo. Poona kuti palibe ali ndi dzanja lopuma, ananyema ndasi n'kumuika mwamuna wake m'kamwa. A Eddie anayang'ana kumbali mwaulemu, koma fungo linawagonjetsa. Anachotsa dzanja limodzi, n'kutenga. Anadya atatu ataimirira pomwepo, ndipo anafunsa ngati mumalowa mazira. Pamene Fryson ankathamangira basi, bokosi linali litaima chilili, ndipo a Eddie analikankha ndi phewa kuti aone, osasuntha.

Lachiwiri Matilda anabwera ku shifiti ya usiku n'kukagona ndi mtima wokhazikika. Leveni koloko chitsulo cha pachitseko chinalira monga mwa masiku onse. Wogawa makalata anali atalidutsa bokosilo, kutsegula geti, n'kukaponya pakhomo. Madzulo Fryson analemba kapepala kopempha kuti makalata aziikidwa m'bokosi, n'kukamata pa geti. Mvula inagwa, inki inasungunuka, ndipo Lachitatu chitsulo chinaliranso.

Tsiku limenelo poweruka, Fryson anatsegula kachitseko ka bokosi kuti angoona. Mkati munali kanthu. Analowetsa dzanja. Chimene anatulutsa chinali kajumbo kakang'ono kakuda, komanga pakamwa, kofewa. Kumbuyo kwake kunali kena. Anaima nako m'manja kwa kanthawi asanamvetse. Anthu oyendetsa agalu, pochokera ku ngalande, anaona bokosi lobiriwira lili pa mzati m'mbali mwa msewu, ndipo analiyesa lija amatayamo zimene agalu awo achita.

Anakagogoda kwa a Eddie atanyamula tijumboto kutali ndi thupi. Mkuluyo anaseka mpaka kukhala pansi pa sitepe, akupukuta misozi ndi chipewa. Atapuma anati vutolo ndi laling'ono. Analowa m'kashedi kawo n'kutulukamo ndi chitini cha penti yoyera ndi timalata todula zilembo, tomwe ankalembera manambala pa zitsulo kuntchito. Fryson anatsuka bokosilo ndi madzi otentha ndi sopo kawiri konse. Litauma, analemba mbali zonse ziwiri nambala ya nyumba, ndi liwu la Chingelezi lakuti makalata, zilembo zikuluzikulu zoti ngakhale munthu wothamanga awerenge. Pa kachitseko analembapo KACHINGWE. A Eddie anafunsa katatu kalembedwe kake asanayambe.

Lachinayi m'mawa mkuluyo anatulutsa mpando wa m'khitchini, n'kukhala pa geti la a Kachingwe atafunda ambulera. Wogawa makalata, Elliot, anali bambo wamtali wovala kabudula ngakhale kuzizire bwanji, ndipo a Eddie ankamudziwa kuyambira ali mwana mumsewu womwewo. Anamuimitsa ndi ambulera ija asanagwire geti. Elliot anati iyenso ankaliyesa la agalu, ndipo ankadabwa kuti akhonsolo aliikiranji m'bwalo la munthu. Atamva za namwino amene akugona pamwamba, anapepesa motsitsa mawu, anaika makalata awiri m'bokosi, n'kutseka kachitseko ndi zala ziwiri. Matilda tsiku limenelo anadzuka fili koloko, ndipo anatsika akufunsa ngati kunali holide.

Kuchokera pamenepo a Eddie ankabwera kudzamwa tiyi Lamulungu lililonse madzulo, ndipo malo awo patebulo anali oti khutu lakumanzere liloze kwa eni nyumba. Tsiku lina Matilda anawafunsa ngati anapitako kuchipatala kukayezetsa makutuwo. Anazemba kaye, kenako anaulula kuti anaitanidwapo kawiri. Ulendo woyamba anapita, anakhala pa benchi ola lathunthu, ndipo dzina lawo litaitanidwa sanamve. Atazindikira kuti anthu onse amene anabwera pambuyo pawo alowa, anachita manyazi n'kubwerera kunyumba. Ulendo wachiwiri sanapite n'komwe.

Matilda sanawakalipire. M'mawa mwake anaimba foni ali nawo pambali, n'kupeza tsiku lina. Fryson anasinthana shifiti ndi mnzake kuti awaperekeze, ndipo dzina litaitanidwa ndi iye amene anaimirira n'kuwakoka dzanja. Patapita masabata atatu anabwererakonso limodzi kukatenga timakina tovala m'makutu.

Pobwerera anakwera basi ya nsanjika n'kukhala pamwamba, kutsogolo kwenikweni. A Eddie ankangotembenuka uku ndi uku. Anati injini ikusokosa, mayi wa kumbuyo akutafuna mokweza, ndipo jekete lawo lomwe likuchita phokoso akasuntha mkono. Basi ikudutsa ku Govan analoza makina aatali onyamulira zitsulo amene ankaonekera pamwamba pa madenga, n'kuyamba kufotokoza za sitima yoyamba imene anagwirapo ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndi za kapitawo wina amene ankayeza ntchito yawo ndi chikhadabo. Ankalankhula mothamanga, ndipo Fryson ankatolapo mwina theka. Pofuna kufunsa kuti sitimayo inapita dziko liti, anasendera ku khutu lakumanzere monga anazolowera, n'kufunsa ndi mawu onse.

A Eddie anadzidzimuka n'kugwira khutu.

"Mukukuwiranji, Fryson? Ndili pompano."

Anthu a m'mipando yapafupi anaseka. Fryson anabwereza funsolo motsitsa, ndipo mkuluyo anayankha kuti inapita ku Norway, n'kupitiriza nkhani yake mpaka anatsala pang'ono kupitirira pa siteji yawo.